Khola la Ndege ku Teruel

Kuno ku Teruel mphepo siipuma.
Imatsika m'mapiri, youma, yolasa,
n'kudzaimba mluzu m'mapiko a ndege zosauluka.
Zabwera zambiri chaka chino cha mliri,
zandandalika ngati ng'ombe zodikira dibi,
mphuno kumchira, mphuno kumchira,
ndipo ine, Nicanor, ndine mbusa wake.

Lolemba ndimazisuntha pang'ono
kuti matayala asaphwe mbali imodzi.
Lachitatu ndimamata mawindo ndi pepala lonyezimira
kuopa dzuwa lingasuwitse mipando.
Injini ndimaziveka zisoti zofiira,
koma mpheta sizifunsa chilolezo:
dzulo ndapeza chisa m'injini yakumanzere,
mazira anayi, ofunda,
m'kamwa momwe munkatuluka bingu.

Wailesi ya m'galimoto yati boma lavomera.
Ndalama zipita ku makampani a ndege,
nambala yaitali kuposa msewu wonyamukira.
Ati ndege ndi mitsempha ya dziko,
ikauma thupi lonse lizizira.
Sindikutsutsa, inenso ndimadya pomwepa.
Khoswe akakhala pamkhate sapheka,
ndipo mkhatewo ndi wathu tonse.

Koma mlongo wanga Adoración,
wosita nsalu za hotela ku Zaragoza,
anasunga zaka ziwiri m'chitini cha khofi
kuti akaone mdzukulu wobadwira ku Montevideo.
Tikiti anagula. Sutikesi anamanga.
Anaikamo timasokosi toluka yekha
ndi botolo la mafuta a azitona lokulunga m'thaulo.
Ulendo unafa kutatsala masiku asanu ndi limodzi.

Ndalama sanamubwezere.
Anamutumizira kapepala ka lonjezo pa foni:
mudzauluka mtsogolo, mayi, zinthu zikadzakhala bwino.
Akaimba, amamuikira nyimbo ya piyano
mphindi makumi anayi, kenaka duu.
Hotela inatseka. Mwini nyumba salandira lonjezo.
Wogulitsa buledi salandira lonjezo.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno,
wa pachala ngwa mphepo,
ndipo mphepoyo ndi iyi ikundiomba kumaso.

Eusebio naye, wonyamula katundu ku Madrid,
msana wake unapindika ndi masutikesi a anthu ena.
Kakampani kake kanali kakang'ono,
dzina lake silinalowe m'ndandanda wa opulumutsidwa.
Pano akuthira mchere pa miyendo ya nkhumba
m'fakitale ya mlamu wake.
Amati mvula inagwadi,
koma inathera m'masamba a mitengo yaitali.

Masana ena ndimakwera ndekha m'ndege yopanda magetsi.
Mumanunkha kapeti ndi chete.
Ndimakhala pa mpando wa pawindo, mzere wa makumi atatu,
mwina womwewo ukanakhala wa Adoración,
ndimamanga lamba popanda wondiuza,
n'kudya buledi wanga ndi tchizi.
Msonkho wake uli muno.
Uli m'mafuta amene ndapaka dzulo,
uli m'chisoti chofiira, uli m'malipiro anga.
Ndiye ndikatafuna, ndimadzifunsa
kuti buledi uyu ndi wa yani.

Lero bwana Fermín wabwera akumwetulira m'kansalu kakukamwa.
Ati ndalama zalowa,
iyi ya mchira wobiriwira inyamuka pakutha pa mwezi.
Wandipatsa fomu. Mzere wachisanu ndi chiwiri ukuti:
chotsani chilichonse chachilendo m'injini.

Ndawerenga masiku pa zala zamafuta.
Mazira kuswa, sabata ziwiri.
Ana kumera nthenga, zinanso ziwiri.
Sizikukwana.

Timasokosi tija mwana wakula kale, satha kuvala.
Adoración sanamasulebe sutikesi,
ili kuseri kwa chitseko, imamupunthwitsa usiku.

Mzere wachisanu ndi chiwiri ndausiya wosalemba.
Ndayamba ndi injini yakumanja.
Mpheta yaikazi ili pa phiko, ikundiyang'ana,
udzu wouma uli kukamwa.